Kodi kumvera nkhani kumathandiza ciani?

Anthu ena amati: “Ine nkhani za pa wailesi ndinasiya. Tsiku lililonse nkhondo, njala, katangale. Mutu umangopweteka.” Ena wailesi saisiya, amapita nayo mpaka kumunda. Nanga wanzeru ndani?

Tikumbuke za kolera. Mu Marici 2022 matendawa anabuka ku Machinga, m'dziko la Malawi. Kenako anafika ku Mangochi, komwe anthu a ku Mandimba amapita kawirikawiri kudzera pa Chiponde. Mu Seputembala caka comweco anapezeka m'boma la Lago, muno mu Niassa.

Kolera imayenda ndi madzi akuda komanso cakudya cosasamalidwa. Munthu amatsegula m'mimba kwambiri, madzi amatha m'thupi, ndipo angathe kufa tsiku lomwelo. Amene anamva uthenga msanga anadziwa zocita: kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo Certeza, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuthamangira kucipatala. Wailesi payokha siinacize munthu. Inangomuuza coti acite, iye n'kucita.

Koma si nkhani zonse zoona. Ku Nampula ndi ku Zambézia kunamveka mphekesera yoti a zaumoyo ndi mafumu ndiwo akufalitsa matendawa. Mau a Cipwitikizi akuti “cloro”, mankhwala oyeretsa madzi, amamveka ngati “cólera”. Anthu okwiya anaononga malo ocizirako odwala, ndipo ena mwa amene anabwera kudzathandiza anaphedwa. Odwala anaopa kupita kucipatala. Apa bodza linathandiza kolera.

Ndiye mukamva nkhani, dzifunseni mafunso atatu. Wanena ndani? Kodi Rádio Moçambique ya ku Lichinga, imene imaulutsa m'Cinyanja, Ciyao ndi Cimakua, yanenanso zomwezo? Nanga ineyo ndingacitepo ciani? Ngati mukukayika, pitani mukafunse a namwino. Paja safunsa anadya phula.

Simufunika kumva zonse za pa dziko lapansi. Mtima ukalema, tsekani wailesi, mupume. Koma nkhani za mvula, matenda, katemera wa ana ndi mtengo wa nandolo musaziphonye, cifukwa zimafika pakhomo panu.

Madzulo ano mukamva uthenga wothandiza, musausunge. Mawa kumjigo kapena pamsika wa Massangulo, uzaniko mnzanu amene alibe wailesi.