TODD MATSHIKIZA: MMISIRI WA NYIMBO AMENE ANATSIRIZIRA ULENDO WAKE KU LUSAKA

Pa ukwati uliwonse kuno kwa Mavwere, ngakhalenso pa chikondwerero cha makwaya, pamafika nthaŵi imene anthu onse amaimirira ndi kuomba m'manja, amayi naimba nthungululu. Kaŵirikaŵiri amene timamuombera m'manjayo ndi mtsikana wa mau okoma amene watsogolera nyimbo, kapena mnyamata wa besi amene mau ake agwedeza mabenchi. Koma wina atatifunsa kuti, "Kodi nyimboyi anapeka ndani, nanga anaigaŵa ndani kuti sopulano, alito, tenala ndi besi zigwirizane chotere?" ambiri a ife tikhoza kungoyang'anana. Mwezi uno tafuna kukamba za amisiri obisika otereŵa, makamaka za mmodzi wa iwo amene anatsirizira moyo wake tsidya linalo la malire athu, m'dziko la Zambia.

Ntchito yosaoneka ndi maso

Pa nyimbo iliyonse yaikulu pamakhala amisiri aŵiri, ngakhale kuti nthaŵi zina ntchito zonse ziŵiri amazigwira munthu mmodzi. Woyamba ndi wopeka nyimbo, amene amabala kamvekedwe kake. Wachiŵiri ndi wosanja nyimbo. Iyeyu amatenga nyimbo ija ikadali yamaliseche naiveka. Amasankha poyambira pake kuti woimba asalephere kufika pamwamba kapena pansi. Amagaŵira gulu lililonse la oimba mau ake. Amaganiza pamene lipenga liloŵere, pamene ng'oma ikhale chete, ndi pamene piyano itsale yokha. Atatero amalembera woliza chida aliyense pepala lakelake.

Ntchitoyi imakula koposa m'mafilimu a nyimbo, aja amene anthu amati akulankhula bwinobwino nkungoyamba kuimba ndi kuvina. M'mafilimu otere nyimbo imajambulidwa poyamba, ndipo oseŵera amavina ndi kuyendetsa milomo motsata zimene zinajambulidwa kale. Choncho wosanja nyimbo ayenera kuŵerengera kutalika kwa gaŵo lililonse kuti likwanirane ndi mapazi a ovina. Amene anaonerapo filimu ya The Sound of Music ya mu 1965 amakumbukira Julie Andrews akuimba pamwamba pa phiri, ndipo ena amadziŵanso kuti nyimbozo anapeka ndi Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein. Koma ndi angati amadziŵa dzina la Irwin Kostal, amene anazisanja ndi kutsogolera oliza zida? Munthuyu analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimuyi, ndipo anali atalandirapo ina pamodzi ndi anzake atatu chifukwa cha West Side Story ya mu 1961. Nkhope yake sitiiona pa chinsalu, koma chilichonse chimene khutu limamva chinadzera m'manja mwake.

Kuno ku Africa tinali naye mmisiri wa mtundu womwewo. Nyimbo zake zotchuka sanazipekere filimu koma seŵero la pa bwalo, komabe ntchito yake inali yomweyo, ndipo iye anaigwira m'mavuto amene anzake a ku America sanaŵalote nkomwe.

Mwana wa ku Queenstown

Todd Matshikiza anabadwa pa 7 March 1921 ku Queenstown, m'dziko la South Africa, m'banja la Axhosa lokonda nyimbo. Bambo ake anali woliza limba m'tchalitchi, ndipo mai ake anali odziŵika ndi kuimba. Makolo aŵa sanaone nyimbo ngati chinthu chosokoneza sukulu. Mwana wao anakula ndi zonse ziŵiri, buku ndi piyano. Anaphunzira ku St Peter's ku Johannesburg, anaphunzira za nyimbo ku Adams College ku Natal, ndipo uphunzitsi anauphunzira ku Lovedale.

Dzina la Lovedale si lachilendo kwa ife. Inali sukulu ya mishoni ya ku Scotland imene mu 1876 inatumiza anyamata ake anayi, mmodzi wa iwo William Koyi, kudzathandiza ntchito ya Livingstonia kuno kwathu. Pa sukulu yomweyo a Matshikiza anaphunzitsa Chingerezi ndi masamu kufikira mu 1947, pamene anasamukira ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu ambiri a m'boma lino la Mchinji anaudziŵa bwino ndi dzina lakuti Joni pa masiku a Wenela.

Ku Joni nyimbo zokha sizikanatha kudyetsa banja la munthu wakuda. A Matshikiza anaphunzitsa ana piyano, anagwirako ntchito m'sitolo ya mabuku, anayendanso m'masitolo kugulitsa malezala ometera ndevu. Madzulo anali kuliza piyano m'magulu otchuka a nthaŵi imeneyo monga Manhattan Brothers ndi Harlem Swingsters. Mu 1952 analoŵa ntchito ku magazini ya Drum, ndipo kalembedwe kao kanali kodumphadumpha ngati zala pa piyano, kotero kuti anzao anakapatsa dzina lakelake lakuti "Matshikese". Kumbali ina anali kupekera makwaya nyimbo za mau anayi. Yaikulu mwa izo ndi Uxolo, kutanthauza mtendere, imene inaimbidwa mu 1956 pokondwerera kuti mzinda wa Johannesburg wakwanitsa zaka 70.

Seŵero la King Kong

Masiku amenewo ku Joni kunali katswiri wa nkhonya dzina lake Ezekiel Dlamini, amene anthu anamutcha King Kong chifukwa cha mphamvu zake. Paja akulu anati ng'oma yolira sikhalira kusweka. Kutchuka kutayamba kumuthaŵa, munthuyu analoŵa m'moyo wachiwawa, ndipo potsiriza anapha mkazi amene anali naye paubwenzi. Khothi linamulamula kukhala m'ndende zaka 12, koma mu 1957, atangoyamba kumene chilangocho, anapezeka atamira m'damu la kundende. A Matshikiza anali m'khothimo monga mtolankhani, ndipo anaona ndi maso ao mmene ngwazi ya anthu inagwera.

Nkhani yomvetsa chisoniyi ndiyo inasanduka seŵero la nyimbo lotchedwa King Kong. Mutu umodzi susenza denga: nkhaniyo analemba ndi Harry Bloom, mau ambiri a nyimbo analemba ndi Pat Williams, wotsogolera oseŵera anali Leon Gluckman, ndipo nyimbo zake anapeka ndi a Matshikiza. Ntchito yosanja nyimbozo kuti zikwanire malipenga ndi ng'oma anagaŵana Stanley Glasser, Mackay Davashe, Kippie Moeketsi ndi Sol Klaaste. M'nyimbozi munakumana kaimbidwe ka kwaya, jazi wa m'makomboni a ku Joni, ndiponso kwela, nyimbo ya zitoliro ija imene abale aŵiri Daniel ndi Donald Kachamba anadzatchuka nayo kuno ku Malaŵi.

Tisaiŵale kuti zonsezi zinali kuchitika pansi pa malamulo a tsankho. Oseŵera akuda ambiri anali kugwira ntchito zao masana, nakonzekera seŵero usiku, pamene munthu wakuda wopezeka m'tauni wopanda chitupa anali kumangidwa. Nyumba zazikulu za maseŵero sizinali kulola akuda ndi azungu kukhala pamodzi. Chifukwa cha ichi seŵeroli linatsegulidwa mu holo ya yunivesite ya Witwatersrand, pa 2 February 1959, pamaso pa anthu a mitundu yonse, ndipo pakati pao panali Nelson Mandela. Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers ndiye anaseŵera ngati King Kong, ndipo Miriam Makeba anaseŵera ngati mkazi uja. Pakati pa oliza malipenga panali anyamata aŵiri, Hugh Masekela ndi Jonas Gwangwa. Seŵeroli linayenda m'mizinda ikuluikulu ya dzikolo, ndipo anthu pafupifupi 200,000 analionera.

Ku London

Chaka chotsatira a Matshikiza anapekanso nyimbo za seŵero lina lotchedwa Mkhumbane, limene analemba ndi Alan Paton. Linatsegulidwa ku Durban m'mwezi wa March 1960, mwezi womwewo umene apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo m'masiku amantha otero silinakhalitse. Chaka chomwecho a Matshikiza anatenga akazi ao ndi ana ao aŵiri nanyamuka ulendo wa ku England. Kwao sanadzabwererenso.

King Kong inafika ku London mu February 1961, ndipo inaonetsedwa miyezi ingapo ku Princes Theatre, nyimbo zina zitasinthidwa kuti zikomere makutu a kumeneko. Seŵeroli linatsegulira ambiri khomo la dziko lonse. Miriam Makeba, amene anali atapita kale ku America, ndi Hugh Masekela anadzakhala maina odziŵika kulikonse. Koma mwini nyimbo sanapeze malo ake m'mzinda waukuluwo. Anali kudya za ulembi ndi maganyu a pa wailesi ya BBC. Buku lao lofotokoza moyo wa ku Joni ndi wa ku London, lotchedwa Chocolates for My Wife, linatuluka mu 1961, koma boma la South Africa linaliletsa. Amene anaimba nyimbo zija anakwera, pamene amene anazibala anatsala pansi.

Zaka zotsiriza ku Lusaka

Mu 1964, chaka chimene Malaŵi ndi Zambia analandira ufulu, a Matshikiza anasamukira ku Lusaka kukagwira ntchito yoŵerenga nkhani ndi kukonza mapologalamu pa wailesi ya dzikolo. Anafika m'dziko limene nyimbo yake ya fuko inatenga kamvekedwe ka nyimbo ya kwao komwe, ija anapeka mphunzitsi Enoch Sontonga mu 1897. Wailesi ya ku Lusaka inali ndi mbiri yake kale pa nyimbo za kuno: ndi kumene Alick Nkhata anatchukira, ndipo chiyambire masiku a wailesi yotsika mtengo ija ya Saucepan Special, imene inafika mu 1949, mau a ku Lusaka anali kumveka m'midzi ya kuno kumalire monga momwe anali kumvekera ku Chipata.

Mu 1967 anapatsidwa ntchito ina m'nthambi ya boma yofalitsa nkhani, yosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo. Munthu amene nyimbo zake zinaimbidwa ku London anayamba kutchera khutu ku ng'oma ndi kalimba za m'midzi kuti zisatayike. Koma mtima wao unali kwao, kumene sanaloledwe kubwerera ndiponso kumene zolemba zao zinali zoletsedwa. Anamwalira ku Lusaka mu March 1968, atatsala masiku oŵerengeka kuti akwanitse zaka 47. Mwana wao John, amene anakulirako ku Lusaka, anadzakhala mlembi ndi woseŵera m'mafilimu, kuphatikizapo Cry Freedom ya mu 1987. Seŵero la King Kong linadzutsidwanso ku Cape Town mu 2017, patapita zaka 58 chiyambire tsiku loyamba lija.

Nanga ife?

Nkhaniyi ili ndi mau kwa ife makolo. Ambiri a ife tikaona mwana akusema gitala ya chigubu kapena akung'ung'udza nyimbo ya m'mutu mwake ali kumunda wa mtedza, timamudzudzula kuti akutaya nthaŵi. Nkhaŵa yathu si yopanda pake, pakuti moyo wa a Matshikiza womwe waonetsa kuti nyimbo sizilemeretsa aliyense. Komabe makolo ao sanazime mphatsoyo, koma anaimangirira ku sukulu, ndipo pa masiku amene nyimbo sizinaŵadyetse, uphunzitsi ndi ulembi zinaŵadyetsa. Mwana wotere tisamulande gitala yake. Timuuze kuti akhoze mayeso, ndipo timupereke kwa wotsogolera kwaya kuti amuphunzitse kuŵerenga ndi kulemba do, re, mi.

Kwa inu achinyamata, si onse amene adzaime kutsogolo. Kwaya ya anthu 30 imene ili ndi otsogolera nyimbo asanu koma yopanda wodziŵa kugaŵa mau imangobwereza zimene yamva pa wailesi. Ntchito yosanja nyimbo imafuna kudekha, khutu lakuthwa ndi pensulo, ndipo imaphunzirika. Yambani ndi nyimbo imodzi ya pa mtondo kapena ya chimtali imene agogo anu amaimba: ilembeni, lembaninso dzina la amene wakuimbirani ndi mudzi wake, kenaka yesani kuigaŵa m'mau anayi. Foni imene ili m'thumba mwanu ingathe kujambula zimene a Matshikiza anali kuzifunafuna ndi makina olemera.

Chotsiriza nchapafupi. Ana athu amaimba nyimbo ya fuko lathu kusukulu, koma tiŵafunse madzulo ano ngati akudziŵa kuti anaipeka ndi Michael Sauka. Ndipo pa chikondwerero cha makwaya chikudzachi, wolengeza asamangotchula dzina la kwaya ndi la nyimbo. Atchulenso amene anaipeka ndi amene anaisanja, ndipo ngati ali pomwepo aimirire kuti timuone akadali moyo.