A Chadza, Mlakatuli wa ku Dedza

Mlendo akafika ku Mua amaonetsedwa zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976. Zigoba zasungika, nanga mau a makolo athu adzasungika bwanji?

Boma lomweli la Dedza linabala munthu amene anaonetsa njira. A Ezra Jofiya Chadza, mphunzitsi, anabadwa mu 1923. Mu 1963, dziko lisanalandire ufulu, anatulutsa buku la ndakatulo za m'Chinyanja lochedwa Ntchito za Pakamwa. Pambuyo pache analemba Kokha Mcheperawakalulu. Anamwalira mu 1985.

Inu aphunzitsi a ku Mtakataka ndi Golomoti, nkhalamba zodziwa nyimbo ndi miyambi zirikutha m'midzi mwanu. Kodi mwalembapo chiani?