Dzanzi M'miyendo, Chotupa M'mimba: Kodi N'zogwirizana?

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane nkhani imene ikusowetsa mtendere m'mabanja ambiri. Mayi amapita kuchipatala atavutika kwa miyezi ndi dzanzi m'manja kapena m'miyendo, mapazi akuyaka ngati waponda makala, mwinanso chizungulire. Adokotala amamuyeza, nam'tumizanso kukaunikidwa m'mimba ndi makina aja timati sikani. Pobwerako, za dzanzi yankho palibe, koma m'kabuku ka kuchipatala mwalembedwa kuti pa impso pali kathumba ka madzi, kapena kuti m'chiberekero muli chotupa.

Kunyumba achibale salephera kulumikiza ziwirizi. Amati chimene chaoneka m'mimbacho ndicho chikupha miyendo, ndipo alipo anachiikamo. M'magulu athu a amayi taona mbuzi zikugulitsidwa kuti akachotse "chinthucho", apongozi akulozedwa chala, pamene nthenda yeniyeni ikunka ikula.

Tsono mvetsani. Makina ounikira amaonetsa zonse zimene apeza panjira, ngakhale zimene sadatumidwe. Timathumba ta madzi pa impso kapena pa chiwindi timapezeka mwa anthu ambiri akamakula, ndipo tambiri sitipweteka munthu mpaka kukalamba. Zotupa za m'chiberekero zotchedwa fibroids n'zofala kwambiri pakati pa amayi achikuda. Kawirikawiri si khansa, ndipo zimayamba kufota mayi akasiya kusamba. Timiyala ta mu ndulu natonso tikhoza kukhala phee kwa zaka. Zinthu zotere mwina mudali nazo kalekale dzanzi lisanayambe.

Nanga dzanzilo limachokera kuti? Nthawi zambiri gwero lake lili m'mitsempha imene imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, ndipo sikani ya m'mimba siiona mitsempha imeneyi. Matenda a shuga amaiwononga pang'onopang'ono, kuyambira ku zala za kumapazi. Kusowa kwa vitamini B12, amene timam'peza mu nsomba, mazira, nyama ndi mkaka, kumadzetsa dzanzi ndi kudzandira poyenda. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatero ndithu, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Kachilombo ka HIV, kachasu ndi khate zilinso m'gulu lomweli. Amayi oyembekezera ena amamva dzanzi m'zala za kumanja, lomwe kawirikawiri limatha akachira. Ngakhale nkhawa ikakula, munthu n'kumapuma mwaphuma, milomo ndi zala zimachita dzanzi.

Komatu nthawi zina ziwirizi zimagwirizanadi. Likodzo, lomwe timalitenga m'madzi a m'nyanja ndi m'madambo, likhoza kuwononga chiwindi, ndipo mwa anthu ochepa mazira ake amakafika mu msana n'kufooketsa miyendo. Woyenera kulumikiza kapena kulekanitsa zinthuzi ndi dokotala, osati anthu a pachitsime.

Safunsa adadya phula. Musanatuluke m'chipinda cha adokotala, funsani zinthu zitatu. Choyamba, kodi chimene chaoneka m'mimbachi ndicho chikudzetsa dzanzi? Chachiwiri, kodi chifunika chithandizo, kuunikidwanso patapita miyezi, kapena kungochisiya? Chachitatu, nanga za dzanzili tiyezanso chiyani? Pemphani kuti akuyezeni shuga, kuchuluka kwa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi HIV. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, ndi azitsamba omwe, mukawaonetse. Nenani tsiku limene vuto lidayamba, mbali ya thupi imene lili, ndiponso ngati likukwera kapena lili pamodzimodzi. Kabuku kanu musakataye, pakuti ngati akutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, adzayambira pa zimene zalembedwamo.

Zilipo zizindikiro zimene sizidikira m'bandakucha. Kamwa ikapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, lilime likalemera, maso akachita mdima, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kutuluka zokha, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ungakhale usiku. Chimodzimodzinso ngati mukuonda popanda chifukwa, mukutaya magazi ambiri, kapena mimba ikutupa.

Ndipo akakuuzani kuti zoyeza zonse zili bwino, musaganize kuti akuti mukunama. Ululu wanu ndi weniweni, ndipo mavuto ena a mitsempha amadziwika pakapita nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwererani pa tsiku limene akupatsani, ndipo ngati n'kotheka abambo akunyumba akuperekezeni, kuti akadzimvere okha mawu a adokotala. Ndalama ya mbuzi ija isungeni, idzakhale yoyendera.