Nyali Zakale za Palafini M'nyumba ya Ana

Masiku ano mabanja ambiri akuunikira matochi ndi nyali zoyendera dzuwa. Komabe magetsi akazima, kapena pamudzi pakagwa maliro, nyali yakale ya palafini imatulutsidwanso m'bokosi. Nyali imene yakhala zaka yosayaka iyenera kukonzedwa isanalowe m'nyumba momwe muli ana.

Koloboyi ndi nyali ya galasi sizivuta. Chotsani palafini wakale, tsukani galasi, ndipo dulani nsonga yopserera ya chingwe. Nyali ikamafuka utsi wakuda ndiye kuti chingwe chakwezedwa kwambiri, ndipo utsi umenewu umatsokomoletsa ana. Ngati pansi pake pakudontha, musamatepo sopo. Pitani nayo kwa mmisiri wokhoma zidebe.

Nyali yopopa, monga ya Tilley yochokera ku England, kapena ya Petromax imene Max Graetz anaipanga ku Germany m'chaka cha 1910, ili ndi khalidwe lake. Mukapopa, mpweya umakankhira palafini m'kapaipi kopyapyala. Kapaipi kameneka kamayamba katenthetsedwa ndi sipiliti kuti palafini asanduke nthunzi. Nthunziyo imasakanikirana ndi mpweya nkuyaka m'kathumba kansalu kamene kamawala kuti mbee. Mukafulumira, kapaipi kasanatenthe, palafini amatuluka ali wamadzi ndipo malawi achikasu amalilima. M'nyumba yofolera udzu ngozi yake ndi yaikulu. Zikatero masulani potulutsira mpweya, moto udzatsika. Chitofu cha Primus, chimene chinayamba kupangidwa ku Sweden m'chaka cha 1892, chimagwiranso ntchito chimodzimodzi.

Nyali yotere ikakana kupopeka, kawirikawiri vuto limakhala kachikopa ka m'pampu kamene kauma. Kaviikeni m'mafuta a makina osokera kufikira kafewe. Timphira tong'aluka tichotsedwe, paikidwe tatsopano. Yesani nyaliyo panja, ana ali kutali. Tizithumba tina takale tinkapangidwa ndi mankhwala otchedwa thorium, choncho kathumba katsopano muyambe mwakawotchera panja, ndipo musambe m'manja mukakhudza phulusa lake. Petulo asalowemo ngakhale dontho. Musathire palafini nyali ikuyaka kapena isanazizire.

Koma inu amayi, chimene chimagoneka ana ambiri m'chipatala si nyaliyo ayi, ndi botolo. Palafini timamugula pang'onopang'ono m'mabotolo a zakumwa, ndipo amaoneka ngati madzi. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zitatu akamva ludzu, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, safunsa. Sungani botolo pamwamba, lotseka zolimba, kutali ndi ndowa ya madzi akumwa. Kunsi kwa bedi si kobisira chinthu. Mwana wokwawa amakudziwa bwino kuposa inu.

Mwana akamwa palafini MUSAMUSANZITSE. Musamulowetse chala kukhosi, musamumwetse mkaka, dzira, mafuta ophikira kapena madzi amchere. Palafini saopsa kwenikweni m'mimba. Amaopsa akalowa m'mapapo, ndipo posanza ndi pamene amalowera mosavuta. Pang'ono pokha pamayambitsa chibayo. Muvuleni zovala zonyowa ndi palafini, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo lija. Pitani ngakhale akuoneka wabwino, chifukwa kutsokomola, kubanika ndi kutentha thupi zimatha kuyamba patapita maola angapo.

Akapsa ndi moto, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi phulusa zimangoipitsa bala. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yochapa bwino, mupite naye kuchipatala.

M'miyezi ya Juni ndi Julaye ambiri amalowetsa mbaula kapena chitofu m'chipinda chogona natseka mazenera. Makala ndi palafini zikamayaka mopanda mpweya wokwanira zimatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi kufooka, kenaka amagona osadzukanso. Khanda silingathe kunena kuti mutu ukuwawa. Tulutsani mbaula panja ndi kuzimitsa nyali musanagone. Wina akayamba zizindikiro zimenezi, tulutsani onse kunja msanga ndi kupita nawo kuchipatala.