Bangwe pa Gombe la Nkhotakota

Ife a ku Malomo ndife anthu a m'mapiri. Khasu timalidziwa, koma nkhafi ndi chinthu chachilendo m'manja mwathu. Komabe msewu wochokera ku Kasungu umadutsa pakhomo pathu kutsikira ku Nkhotakota, ndipo anyamata athu ena autsata, nakaphunzira kupalasa bwato.

Usipa amaupha usiku wa mdima, poukopa ndi nyali kuti ulowe mu chilimira. Mwezi ukawala, kapena mwera ukakalipa m'miyezi ya June ndi July, mabwato amagona pamchenga. Apa ndi pamene mtima wa kholo umadera nkhawa, pakuti mnyamata ali ndi ndalama m'thumba, ntchito palibe, ndipo mowa suli kutali.

Koma alipo ena amene masiku otere amatenga bangwe. Ndi kathabwa chabe, kokulungidwa ndi waya, kolowetsedwa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule. Zala zina zimatseka nsambo, dzanja linalo likukwapula. Woimbayo amatchula kwawo, amake, ndi mnzake amene nyanja inammeza. Anzake amavomereza akusoka ukonde.

Ambirife tinakula tikumva kuti zoimbira zotere n'zachikunja. Chodabwitsa n'chakuti Hugh Tracey anachoka ku South Africa mu 1958 kudzajambula nyimbo za Achewa, nafika mpaka ku Visanza, kumene lero timati Ntchisi. Mlendo anazisunga, eni ake tikuzinyoza.

Mwana wanu akabwera kuchokera kunyanja ndi bangwe m'kwapa, musafulumire kumkalipira. Myalireni mphasa, mumve zimene akuimba.