Ng'oma Sinafere Pakhomo la Tchalitchi

Ansembe a Montfort atatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist atakhazikika ku Matandani mu 1908, anapeza anthu odziwa kale kulakatula. Mayi pamtondo amadzudzula mwamuna waulesi mophiphiritsa, musi ukugunda motsatira nyimbo, ndipo Angoni amatamanda mafumu awo m'magule. Amishoni ambiri m'dziko muno anatcha chinamwali ndi gule wamkulu zachikunja, motero ena amati Chikhristu chinapha ndakatulo za makolo. Dandauloli lili ndi mutu, pakuti wofuna ubatizo amauzidwa kusiya magulewo, ndipo nyimbo imene yasowa oyimba imafa.

Komabe kunena kuti zonse zinathera pomwepo n'kulakwa. Sukulu za mishoni ndizo zinaphunzitsa anthu kulemba chinenero chawo, ndipo Buku Lopatulika la 1922 linawapatsa Masalimo, amene kubwerezabwereza kwake sikunali kwachilendo kwa wozolowera kutsogolera ndi kuvomera. Kumpoto, Mawelera Tembo anaveka mawu achikhristu pamayimbidwe a Chingoni. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican utatha mu 1965, ng'oma ija inayamba kulira pa Misa. Wina angati uku n'kuweta chikhalidwe ngati mbuzi yapachingwe. Koma womanga chingwe ndani, pamene amayi otula zopereka akuvina ndi kululutira monga anachitira agogo awo pabwalo? Mlendo anadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma ometa nako mpaka lero ndi eni mudzi.