Timabokosi ta Mphatso ndi Maluwa a Mapepala

Mukapeza kabokosi kamene munali tiyi kapena sopo, musafulumire kukataya kudzala. Kayang'anitsitseni, mupeze pamene anamata, ndipo mumatule pang'onopang'ono kuti kasang'ambike. Tsono kayaleni pa tebulo. Mudzaona kuti kabokosi konseko ndi pepala limodzi lokha lochindikala, lokhala ndi timakutu m'mbali mwake. Mukalisisita ndi chala mudzamva timizere tolowa m'kati ngati tingalande. M'timizere timeneti ndimo mmene pepalalo limapindikira.

Mutamatula timabokosi 10 ta tiyi wa mtundu umodzi ndi kutisanjikiza, tonse tingalingane ndendende, popanda kena kotulukira pambali. Kodi alipo munthu amene angadule chomwecho ndi sizasi? Iyayi. Dzanja limatopa, ndipo diso limanama. Timabokosi timeneti amatidula ndi chipangizo chimene tingachitche kuti chikombole chodulira.

Nonse mumachidziwa chikombole choumbira njerwa. Njerwa zonse zotuluka m'chikombole chimodzi zimafanana msinkhu. Ena mwa inu munawaonanso amayi akukonza masikono. Akakanda ufa ndi kuupapatiza, amatenga chitini nachivundikira pa ufawo, kenaka n'kukanikiza. Mlomo wa chitini umadula kamtanda kozungulira, ndipo timitanda tonse timatuluka tofanana. Chikombole chodulira chimagwira ntchito motero. Mpeni wake sauyendetsa monga tichitira ndi sizasi. Anaupinda kale m'maonekedwe a chinthu chimene akufuna, ndipo akaukanikiza umadula mbali zonse nthawi imodzi.

Kapangidwe kake nkotere. Mmisiri amajambula pa thabwa chithunzi cha kabokosi koyala, nacheka timipata topyapyala motsata mizere yonse. M'timipatamo amalowetsa timalamba tachitsulo choimirira, atatipinda bwino m'ngodya. Timalambati tili mitundu iwiri. Tina n'takuthwa, ndipo ntchito yake ndi kudula. Tina n'tobuntha ndiponso tofupikirapo pang'ono. Iti sitidula ayi, koma timadinda tingalande tija munatimva ndi chala. M'mbali mwa mipeni amamatamo mphira yofewa. Makina akakanikiza, mphirayo imanyata. Akalekerera, imatukumuka ndi kukankha pepala kuti lisakanirire m'mipeni.

Oyamba kugwiritsa ntchito zikombole zodulira anali opanga nsapato, m'zaka za m'ma 1800. Iwo ankadulira zikopa za pansi pa nsapato kuti zizituluka zofanana. Koma nzeru yodula ndi kudinda pepala nthawi imodzi inabwera chifukwa cha ngozi.

Ku New York, m'dziko la America, kunali munthu wina dzina lake Robert Gair. Iye anabadwira ku Scotland mu 1839, napita ku America akali mnyamata. Atakula anatsegula nyumba yosindikiza ndi kupanga matumba a mapepala. Tsiku lina mu 1879, antchito ake akusindikiza timatumba toikamo mbewu, kachitsulo kena ka m'makina kanasuntha pamalo pake nikayamba kucheka mapepala. Pamene ankazindikira, n'kuti timatumba tambirimbiri titaonongeka kale. Mwini ntchito wina akanangokalipa ndi kuwerengera ndalama zimene wataya. Gair anayang'anitsitsa mmene mapepalawo anachekekera, naona kuti mchekowo unali wosalala ndi wofanana pa pepala lililonse. Apo anaganiza kuti ataika zitsulo zakuthwa zazitali pamodzi ndi zobuntha zazifupi, makina omwewo angathe kudula ndi kudinda pokanikiza kamodzi kokha. Kale lonse mabokosi ankawadula ndi kuwapinda pamanja, limodzilimodzi, motero anali okwera mtengo. Kuyambira nthawi imeneyo anayamba kupangidwa ochuluka, ndipo ankawatumiza kwa ogula ali chiyalire, kuti akawapinde okha pofuna kulongedza katundu.

Masiku ano kulinso timakina tating'ono ta pa tebulo, timene anthu okonda ntchito zamanja amakhala nato m'nyumba zawo. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zobulungira ngati munsi. Munthu amaika pepala pa chikombole chopyapyala chachitsulo, nazipana pakati pa timatabwa tiwiri tapulasitiki, kenaka n'kupukusa chogwirira. Zitsulo zija zimakoka timatabwato ndi kutifinya kolimba, ndipo kuseri kumatuluka kabokosi koyala, nyenyezi, gulugufe kapena duwa.

Duwa lina lodulidwa ndi makina mwina munaliona kale. M'mwezi wa Novembala akuluakulu ena amavala kaduwa kofiira pachifuwa. Dzina lake ndi popi. Amakavala pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, makamaka Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene inayamba mu 1914 nitha pa 11 Novembala 1918. Maluwa enieni a popi ankamera kwambiri m'minda ya ku Belgium ndi France kumene kunamenyedwa nkhondoyo. Asilikali a dziko lathu nawonso anamenya nkhondo imeneyi m'gulu la King's African Rifles, ndipo chipilala chowakumbukira chili ku Zomba. Mu 1922 ku Britain kunatsegulidwa fakitale yopanga timaluwati, kuti asilikali olumala pa nkhondo apezeko ntchito. Chaka ndi chaka dzikolo limapanga mamiliyoni a timaluwa timeneti, chinthu chimene sichingatheke ndi sizasi.

Ife m'masukulu mwathu makina otere tilibe, koma nzeru yake tingathe kuibwereka. Nzeruyo ndi iyi: yesani kamodzi mosamala kwambiri, pangani chikombole, ndipo chikombolecho chizikuyeserani nthawi zina zonse. Chathu tidzapanga ndi katoni yolimba. Sichidzadula chokha, koma chidzatsogolera pensulo ndi sizasi.

Tiyambe ndi kabokosi. Dulani katoni ya mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse masentimita 15. M'mbali zonse zinayi chekani timipata tiwiri, kena pa masentimita 5, kena pa masentimita 10. Chikombole chatha. Chiikeni pa pepala lochindikala, monga kuseri kwa kalendala yakale kapena bokosi la tiyi lalikulu, nimulembe ndi pensulo mozungulira, osaiwala kuika kadontho pa kampata kalikonse. Mukalumikiza timadontho topenyana ndi rula, mudzapeza zigawo 9 zofanana. Chigawo chapakati ndicho pansi pa kabokosi. Zinayi zogundana nacho ndizo makoma, ndipo zinayi za m'ngodya ndizo timakutu tomatira.

Musanapinde, dindani mizere yonse. Pano ndi pamene ana ambiri amachita ulesi, ndipo kabokosi ka mwana waulesi kamadziwika patali, chifukwa ngodya zake zimakhala zonenepa ndi zokhota. Gwirani rula pa mzere ndi kuyendetsa bolopeni yotha inki kawiri kapena katatu, mokanikiza koma osaboola. Bolopeniyo ikugwira ntchito ya kachitsulo kobuntha ka Gair. Tsono pa ngodya iliyonse dulani mzere umodzi wokha, kuchokera m'mphepete kufika pamene mizere yapingasana. Mukadula yonse iwiri, khutu lidzagwa, ndipo mudzasowa pomata. Imikani makoma, pindirani timakutu m'kati, ndi kumata.

Pali chinthu china chodabwitsa chimene mudzachiona popinda. Pepala limavomera msanga kupindikira mbali imodzi, koma mbali inayo limakanirira. Yesani kung'amba nyuzipepala chotsika, kenaka chopingasa. Mbali imodzi idzang'ambika mowongoka, inayo mokhotakhota. Chifukwa chake n'chakuti pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mitengo, ndipo popangidwa m'makina timaulusi tambiri timagona moloza kumodzi. Mzere wodutsa timaulusi chopingasa umafuna kuudinda kwambiri, apo ayi pepala limasweka pamsana.

Zomatira sizifuna ndalama. Sungunulani supuni imodzi ya ufa wosalala wa chinangwa m'theka la kapu ya madzi ozizira, ndipo mupemphe wamkulu akutereketsereni pa moto wochepa, akutakasa, kufikira phalalo litayamba kunanda. Likazizira pakani pang'ono chabe ndi kamtengo. Phala lochuluka limanyowetsa pepala ndi kulikwinyitsa. Panani timakutu ndi mapegi oyanikira zovala mpaka pouma. Kumbukiraninso kuti mphemvu ndi makoswe zimalikonda phala limeneli monga mukondera phala la m'mawa, choncho timabokosi tanu musatisiye pansi usiku.

Chivundikiro chimafuna chikombole chakechake. Katoni yake ikhale ya masentimita 9 ndi mamilimita 3 mbali iliyonse, ndipo timipata tikhale masentimita 2 kuchokera ku ngodya. Motero chigawo chapakati chidzakhala masentimita 5 ndi mamilimita 3. Mwina mufunsa kuti, "Nanga mamilimita 3 amenewa ngachiyani, popeza kabokosi n'ka masentimita 5?" Chivundikiro chimavala kabokosi kunja, monga malaya avala thupi, ndipo makoma a kabokosi ali ndi kuchindikala kwake.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, tinagwirizana zopangira makolo timabokosi pa tsiku lotsekera. Ana anatola mapepala olimba kwa mwezi wathunthu. Chikombole cha chivundikiro ndinapanga ndine, madzulo, mofulumira, ndipo ndinachilinganiza ndendende ndi kabokosi. Ana onse anachigwiritsa ntchito mokhulupirika. M'mawa mwake, phala litauma, panalibe chivundikiro ndi chimodzi chomwe chimene chinalowa. Mwana wina anakakamiza chake mpaka kabokosi kanaphwanyika, nayamba kulira. Chikombole sichisankha. Chimabwereza cholakwa mokhulupirika monga chibwerezera chokhoza. N'chifukwa chake muyenera kupanga kabokosi kamodzi koyesera, ndi chivundikiro chake, musanapereke chikombole kwa anzanu.

Tsopano tipange duwa lokongoletsera. Pa katoni jambulani maluwa atatu a masamba asanu: lalikulu la masentimita 8 m'mimba mwake, lapakati la masentimita 6, ndi laling'ono la masentimita 4. Kuti likhale lozungulira bwino, yambani mwalemba mozungulira kapu kapena chotsekera botolo, kenaka mujambule masamba m'kati mwake. Duwa limafuna pepala lopyapyala, monga lokutira mphatso kapena masamba a magazini okhala ndi mitundu yowala. Ngati muli ndi loyera lokha, livikeni m'madzi a chidede, lidzafiira; muliyanike pamthunzi. Sanjikizani mapepala anayi, lembani chikombole pa lapamwamba, panani ndi pegi, nimudule onse pamodzi. Apa mukuchita pang'ono zimene makina amachita. Musagwiritse ntchito lezala, pakuti imaterereka pa pepala ndi kucheka chala.

Duwa longodulidwa limaoneka lakufa, chifukwa ndi lafulati. Chimene chimalipatsa moyo ndi kupota masamba. Kulungani nsonga ya tsamba lililonse pa pensulo, finyani pang'ono, n'kusolola pensuloyo. Tsambalo lidzatsala lopindika. Mukatha, ikani duwa lililonse pa chikhatho ndi kukanikiza pakati ndi msana wa pensulo kuti likhale ngati kambale. Matani lapakati pa lalikulu, laling'ono pa lapakati, koma masamba asagonerane. La pamwamba ligwere pa mpata wa awiri a pansi. Pitani mukayang'ane duwa lenileni la m'munda wa sukulu, mudzaona kuti nalonso linasanja masamba ake chomwecho. Pakati pa duwa, tengani kapepala kachikasu kotalika ngati chala, kachekeni mbali imodzi ngati chipeso, kakulungeni ndi kukamata choimirira.

Ngati mufuna duwa la phesi loika m'botolo, boolani pakati ndi kulowetsa kawaya kapena kamtengo ka tsache, kenaka mukulunge phesilo ndi pepala lobiriwira. Koma la pa kabokosi silifuna phesi. Limateni pakati penipeni pa chivundikiro, ndipo likhale limodzi lokha. Ana ena amamata maluwa asanu kapena asanu ndi limodzi, kotero kuti wolandira mphatso amasowa pogwira potsegula.

M'kabokosi ka masentimita 5 mungalowe kampango ka m'manja kopinda bwino, mkanda, maswiti angapo kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Mtedza muyambe mwaukulunga m'kapepala kena, chifukwa mafuta ake amalowerera m'makoma. Dzina la wolandira mulilembe m'kati mwa chivundikiro. Zikombole zanu muziboole pangodya, muzimange pamodzi ndi kachingwe, ndipo pa chilichonse mulembe muyeso wake. M'mphepete mwa chikombole mukayamba kunyenyeka, yesaninso ndi rula ndi kudula china, musalembe mozungulira chakalecho.

Mafunso

1. Kodi chikombole chodulira chimafanana bwanji ndi chitini chodulira masikono?
2. Fotokozani ntchito ya timalamba tobuntha ndiponso ya mphira.
3. Kodi Robert Gair anaphunzirapo chiyani pa timatumba toonongeka tija?
4. Mukapanga kabokosi kamene pansi pake ndi masentimita 7, kodi chigawo chapakati cha chivundikiro chikhale chachikulu bwanji?
5. Matulani kabokosi kamodzi kunyumba, mujambule maonekedwe ake m'kope mwanu. Mizere yodula muilembe yathunthu, yopinda muilembe ya timadontho.